Nthochi za Apongozi

Anthu akamanena kuti amuna anga anali okondera, magazi amandiwira. Okondera ati? Munthu amene zaka zonse zimene anakhala pamudzi pano sanaonepo mano a amayi anga, mukuti anakondera chiyani? Ine ndine Lenia, ndinalipo, ndipo ndinena mmene zinayendera, wokwiya akwiye.

A Yoswa anachokera ku Bowe, ku Dowa uko, kudzakhala chikamwini kwathu kuno kumapiri a Ntchisi. Anamanga nyumba pamene anawalozera, nkumalima munda umene anapatsidwa, ndipo tinabereka ana awiri, Mayeso ndi Mercy. Mwambo wothawana ndi apongozi anaugwira zolimba. Akaona amayi anga, aNabanda, akubwera panjira, ankapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Amayinso chimodzimodzi. Wina akakhala ndi mawu kwa mnzake, wotumidwa ndinali ine. Achinyamata a masiku ano amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo, kuseka mpaka kuombana m'manja, koma a Yoswa ayi ndithu. Anthu ankati kwa aNabanda kunagwa mkamwini weniweni. Koma mkamwini, kaya atamandidwe chotani, amakhala mlendo. Akalakwa amamulozera njira ya kwawo, ana nkutsala. Ine chimene ndinkafuna pamoyo wanga nchakuti bambo ameneyu akalambire pakhomo panga, ana akule akumuona.

Woti nkuwalozera njirayo anali mlongo wanga Nathaniel. Ndi wamng'ono kwa ine, ndinamubereka kumbuyoku, koma amalume onse atatha ndiye anakhala mwini mbumba. Mtima wake ndi wapachala, ndipo akalawa kachasu zimanyanya. A Yoswa ankamupatsa ulemu wonse, "alamu, alamu," iye nkumayankha ngati akuyankha waganyu.

M'chigwa mwathu muno tinkadalira nthochi. Chimanga ndi cha pakamwa, fodya ndi wa amuna, koma nthochi ndiye zinkagula sopo, mchere ndi yunifolomu. Kenaka kunabwera chisaka. Akuti chinalowa ndi mbewu imene wina anakatenga kutali, tinsabwe takuda nkumachinyamula kuchoka pa nthochi iyi kupita pa ina. Nthochi ikagwidwa imapinimbira, masamba amathithikana pamwamba ngati tsache, kubereka osabereka. Chinayambira kumtunda kwa mtsinje nkumatsika.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi, a Trust, anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira. Anati boma latulutsa ndalama zolimbana ndi chisaka. Nthochi zonse za m'chigwa zizulidwe, zodwala ndi zamoyo zomwe, chifukwa mukasiya phando limodzi nsabwe zimabisala momwemo. Nthaka ipume miyezi ingapo, kenaka boma libweretsa mbewu yopanda matenda, yaulere.

A Elifala anaimirira. Ndi bambo wa dimba lalikulu kuposa onse, amene ankalipirira ana awo ku sekondale ndi ndalama za nthochi zokhazokha.

"Mbewu mukunenayo ili kuti, tiione kaye?"

"Ikubwera, bambo. Mvula isanagwe ikhala itafika."

"Nanga ikapanda kubwera tidzagwira ndani?"

A Trust anangoseka nkusintha nkhani. Anasankha amuna oti agwire ntchitoyo, ndipo ukapitawo anaupereka kwa a Yoswa, poti samwa mowa komanso anthu amawamvera. Anawapatsa jombo ndi mpope wa mankhwala. Ine ndinanyadira, osadziwa kanthu. Nathaniel anangoti, "Alamu avala jombo, tiona zinthu chaka chino."

Ntchito yake inali yonyansa. Ankayamba kupopera kuti nsabwe zife, kenaka kugwetsa mitengo, kukumba zitsa, kuduladula nkukwirira. A Yoswa ankabwera malaya ali gwa ndi utomoni, m'manja muli matuza. Amayi ena ankalira ngati pamaliro, ena ankatukwana. Atafika kwa a Elifala zinavuta, chifukwa nthochi zawo zambiri zinali zisanagwidwe, mikoko ili lendelende. Bambowo anaima pakhomo la dimba ndi nkhwangwa. Anawatsitsa mtima ndi a Yoswa.

"Achimwene, palibe itsale m'chigwa muno. Ngakhale za kwathu zipita. Ndikulumbira pa ana anga."

A Elifala anataya nkhwangwa nkukakhala pachulu, nkumaonerera dimba lawo likugwa.

Dimba la amayi lili pakati pa chigwa. Munali nthochi za sukari ndi makumbuka zimene anabzala ndi malemu bambo anga. Gulu litatsala pang'ono kufika, a Yoswa anandituma kuti ndikawauze amayi kuti mawa asapite kudimba. Ndinapita. Amayi anandimvetsera akusenda mtedza, osadzutsa mutu.

"Kawauze bambowo kuti ndamva. Koma ine kudimba ndiye kwathu, ndimaswera komweko. Akafuna abwere."

Amayi anga ndi ochenjera, musawaone kufatsa. Ankadziwa kuti mkamwini wawo sangalowe pamene iwo ali. Kutacha analawirira ndi mkeka wawo, nkukakhala tsonga pakati pa nthochi. A Yoswa atafika ndi anthu awo, anangoona duku la amayi nkubwerera chambuyo. Anauza anzawo kuti alowe okha. Anzawowo anakana, ati kapitawo atsogole, poti onse ankamudziwa Nathaniel. Basi analumpha dimbalo nkupitirira kumunsi.

Madzulo ake ndinawakalipira.

"Bambo a Mayeso, mwachita chiyani? Anthu aona!"

"Ndiye ndikanatani? Ndilowe ndi chikwanje amayi ali pomwepo, ndiwayang'ane kumaso, ndiwauze kuti dzukani? Ine sindinaleredwe choncho."

"Ulemu wanuwo utipweteka."

"Tidzamalizira kumeneko. Tsiku lina adzapita kumaliro kapena kumsonkhano wa amayi a ku parishi, ife nkulowa."

Koma amayi anasiya zonse. Maliro osapita, akamapita ku Misa ya Lamulungu ankatuma Nathaniel kukakhala kudimbako. Chigwa chonse chinayera mbee, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kungotsala kachigamba kamodzi kobiriwira. Ukaima paphiri, maso ankathamangira pomwepo.

Ndiye kunabwera a Trust. Anawapeza a Yoswa pamsewu, ine ndili nawo tikuchokera kuchigayo. Njinga yamoto sanazimitse nkomwe.

"Akulu, ntchito ija yaima. Ndalama zatha. Zina akuti zapita ku mankhwala a ntchemberezandonda."

"Nanga mbewu?"

"Chaka chino iwalani. Mwina chaka chamawa."

"Ndiye anthu mukawauza liti?"

"Inu ndinu kapitawo, mukawafotokozere bwinobwino. Ine mafuta obwerera kuno ndilibe."

Anatembenuza njinga, ife nkutsala ndi fumbi. A Yoswa, mwa kupusa kwa anthu olungama, anayenda khomo ndi khomo kukanena uthengawo ndi pakamwa pawo. Ena anawalavulira, ena anangolowa m'nyumba. Kuchigayo azimayi anasiya kundiyankha moni. Ndinawapempha a Yoswa kuti apite kaye ku Bowe mpaka mitima izizire, koma anati wothawa ndi amene waba.

Moto anauyatsa ndi Nathaniel. Nthochi zinali zitasowa, mtengo wake utakwera. Loweruka lina m'mawa iye anadula mikoko m'dimba la amayi, nkumanga panjinga, ati akagulitse ku Mponela. Njira yakuseri ilipo, koma mwana wopanda nzeru uja anadutsa pakati pa midzi dzuwa likuswa mtengo, akuliza belu. Anadutsa pakhomo penipeni pa a Elifala, amene mwana wawo wamkazi anali atangobwezedwa kusukulu.

Ine ndinali kuchapa pakhomo pamene ndinamva phokoso. Ndinaona Nathaniel akuthamanga wopanda njinga, malaya atang'ambika, mlomo ukuchucha magazi, nkulowera njira ya kudimba. Pambuyo pake panali chikhamu, amuna, akazi, anyamata, ndi zikwanje, mipini, miyala. Sanamutsatire iye. Anakhotera kwathu.

"Atuluke kapitawo! Atuluke wakubayo!"

Ndinakankhira ana kuseri kwa bafa nkuwauza kuti athawire kwa anansi. A Yoswa anatuluka okha, manja ali m'mwamba.

"Abale anga, tiyeni tikambirane."

Mwala unawapeza pamwamba pa diso, phwaa! Magazi anatsika kumaso konse. Asanagwe anali atawagwira kale, wina mpini wa kumsana, wina chibakera, wina kuwaponda ndi jombo zomwe zija za ku ntchito, poti ena mwa omenyawo anali anzawo ozula nawo nthochi. Ndinadziponya pakati. Mayi wina amene ndinkaimba naye kwaya anandikoka tsitsi nkundigwetsera m'beseni la zochapa. Podzuka ndinaona nkhokwe yathu ikuyaka, chimanga chikuthetheka.

Anawakoka a Yoswa mpaka kudimba, ine ndikutsatira ndikukuwa. Amayi anali pamkeka pawo. Ataona gululo anaimirira nkukumbatira mtengo wa nthochi waukulu, umene unali ndi mkoko wofika m'chiuno. Nathaniel anaima pambali pawo ndi chikwanje.

Ndipo onani zimene ndinaona ine. Munthu magazi ali chuchuchu, diso limodzi latsekeka, anthu amuponya pansi pamaso pa apongozi ake, koma iye nkutembenuza nkhope kuyang'ana kumbali kuti asaonane nawo. Ndinafuna kuwamenya ndekha.

A Elifala anaponya chikwanje patsogolo pawo. Mawu awo sanali okuwa, ndipo nchimene chinandiopsa kwambiri.

"Unalumbira pa ana ako, Yoswa. Zathu unadula ndi dzanja lako. Dulanso izi ndi dzanja lomwelo. Ukakana, nkhokwe ija ndi chiyambi. Tikayatsa nyumba yako, ya apongozi akowa, ndi mbumba yonse."

Anyamata ena anali atanyamula kale udzu woyaka. Sanali kuseka.

A Yoswa anagwada, nkhope ili kumbali, nkulankhula kwa ine.

"Mayi a Mayeso, apempheni amayi asunthe pang'ono."

"Amayi, chonde, tiyeni! Atiotcha anthuwa!"

"Ndifera pompano," anatero amayi. "Anabzala ndi bambo ako izi."

Nathaniel analoza a Yoswa ndi chikwanje. "Alamu, mukangokhudza nthochi imodzi, mudziwanso."

A Yoswa anayang'ana utsi umene unkakwera kumudzi. Anatola chikwanje, nkupita kumapeto kwa dimba, kutali ndi amayi, nkutema mtengo woyamba. Khapu! Unagwa. Gulu lonse linakuwa nkukhamukira m'dimbamo ngati ng'ombe zothyola khola. Zikwanje zinali ng'aning'ani paliponse, mitengo ikugwa uku ndi uku, utomoni ukuthovokera m'maso, azimayi akulimbirana mikoko. Wina anamenya Nathaniel ndi mpini paphewa, iye nkubweza, mnyamata wina khutu lili lende. Munthu sunkadziwa woti umugwire.

Sindinaone amene anatema mtengo umene amayi anaukumbatira. Sanali a Yoswa, zimenezo ndingalumbire m'tchalitchi, chifukwa iwo anali akuthamangira komweko akukuwa kuti, "Siyani umenewo!" Mtengowo unapendekeka ndi kulemera kwa mkoko nkuwagwera amayi. Anagwa chagada m'ngalande, mutu nkumenya pamwala.

A Yoswa ndiwo anayamba kufika. Anaiwala mwambo, anaiwala zonse, anagwira mtengowo ndi dzanja lamanzere kuti awuchotse pachifuwa pa amayi, lamanja likadali ndi chikwanje. Nathaniel potembenuka anangoona amayi ake ali pansi magazi ali m'duku, mkamwini ataweramira pa iwo ndi chikwanje m'manja.

Ndinakuwa dzina lake. Sanamve. Anabwera chothamanga nkukweza chikwanje ndi manja awiri, kulunjika pamutu. A Yoswa anatchinga ndi mkono. Kulira kwake kunali ngati munthu akutema nsungwi yaiwisi. Dzanja linatsala likulendewera pa kachikopa, magazi akutumphuka mpaka pamasamba a nthochi. Nathaniel anakwezanso kachiwiri. Ndinamulumphira kumsana nkumuluma khutu mpaka ndinamva mchere mkamwa, ndipo tinagwera limodzi m'matope.

Kenaka anthu anayamba kuthawa, kutaya zikwanje, kutaya mikoko, aliyense njira yake. Amuna onse aja okuwa pakhomo panga anatha ngati sanabwere. Nathaniel naye anadzuka, anayang'ana chimene anachita, nkulowa m'tchire.

Ndinang'amba chitenje nkumanga mkonowo pamwamba pa chigongono, ndikukoka ndi mano. A Yoswa sanalire. Ankangofunsa kuti, "Amayi ali bwanji? Amayi adzuka?" Amayi anali atakhala tsonga m'ngalandemo, akuyang'ana dimba lawo lili lambalamba. Amene anatsala ndi a Elifala okha. Anavula lamba wawo nkumanganso pamwamba pa chitenje changa, nkuthamanga kukaitana mnyamata wa njinga yamoto. Sindinawathokoze, ndipo sindidzawathokoza.

Kuchipatala cha kuboma anadula mkonowo m'munsi mwa chigongono. Ndinakhala nawo masiku onsewo, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni ngati mwana. Kumudzi nkhani inali itapsa kale. Amayi aang'ono, obadwa bere limodzi ndi amayi anga, anabwera, osalowa nkomwe m'chipinda cha odwala, nkundiitanira panja pa mtengo wa mango. Anati mbumba yakhala pansi. Mkamwini wabweretsa moto pamudzi, wagwetsa nthochi za apongozi ake, wakhetsa magazi awo. Asabwererenso.

"Magazi anakhetsa ndi ndani? Amene wadulidwa dzanja ndi ndani?"

"Usakweze mawu, Lenia. Komanso ukaganiza zowatsatira kwawoko, upite wekha. Ana ndi athu."

"Amayi akuti chiyani?"

"Amayi ako sakulankhula."

Ndinawatukwana amayi aang'onowo tsiku limenelo, mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinabwerera m'chipindamo ndikudziuza kuti Nathaniel akaolera kundende, ndione amene adzathamangitse amuna anga pakhomo panga.

Wapolisi anabwera mawa lake masana. Anakhala pampando pafupi ndi bedi nkufunsa a Yoswa kuti anawatema ndani. Ine ndinatsegula pakamwa, koma a Yoswa anandigwira mkono ndi dzanja lawo lotsalalo, kundifinya mpaka kuwawa.

"Anthu anali ambiri, bwana. Magazi anali m'maso. Sindinaone."

"Mayi, inu munaona?"

Zala zawo zinalowa m'mnofu mwanga. Ndinayang'ana pansi nkunena kuti ndinali nditagwa. Wapolisiyo anatiyang'ana nthawi yaitali, anapukusa mutu nkutuluka.

"Mwapenga kodi?" ndinatero atangotuluka. "Munthu wakudulani dzanja! Amafuna mutu wanu! Akamangidwa ameneyo inu mubwerera kunyumba, palibe angakuletseni!"

"Ndibwerere kukatani, mayi a Mayeso? Mkamwini amamusunga chifukwa cha khasu. Ndiligwira ndi chiyani?"

"Ndilima ine! Kodi ndinayamba ndadandaulapo?"

"Ndipo tsiku lililonse amayi azidzaona munthu amene anamangitsa mwana wawo. Ana anga azidzakula akulozedwa zala ndi abale awo omwe. Ayi."

"Ndiye tonse tipite ku Bowe. Tithawe nawo anawo."

"Kwathu munda ndi wa alongo anga ndi ana awo. Ine ndemwe ndikukakhala wopempha. Anawo akadya chiyani?"

Ndinalira mokweza, odwala ena nkumatiyang'ana, ine osasamala. Ndinawauza kuti ndimawakonda, mawu amene ndinali ndisanawanenepo chikwatiranire. Ndinawauza kuti ulemu wawo ndi umene watipha. Anavomera ndi mutu.

Tsiku lotuluka kunabwera mlongo wawo, a Luckness, kudzawatenga. Anandipatsa moni wa pakamwa pokha, dzanja osatambasula. Ndinali nditabweretsa ana kuti atsanzikane ndi bambo awo. Mercy anabisala kumbuyo kwanga poona bandeji. Mayeso anangoima, akukumba pansi ndi chala cha kuphazi. Tinayenda limodzi mpaka pamene pamaima magalimoto a matola opita ku Mponela. A Luckness anakwera, nkuwakoka achimwene awo pamkono wabwinowo.

Galimoto isananyamuke ndinagwira chitsulo cha m'mbali nkuwafunsanso, chifukwa zinkandidya.

"Bambo a Mayeso, ndiuzeni zoona. Mwamusiyiranji Nathaniel?"

Anayang'ana ana aja, kenaka ine.

"Nkhokwe yapsa, mvula ili pafupi, ine ndikupita. Mwamuna amene watsala woti nkulimira anawa ndi kuwagulira makope ndi malume awo. Ndikamutsekera, ndiwasiyira ndani?"

Woyendetsa analiza hutala, ine nkusiya chitsulo chija.

Nathaniel anatuluka m'tchire patapita masiku, khutu lili ndi chipsera cha mano anga. Mvula itagwa anabwera m'mamawa ndi khasu nkuyamba kulima munda wa a Yoswa, osandipatsa moni, inenso osamupatsa. Masana ndinamuphikira, nkutuma Mayeso kuti akapereke chakudya kwa amalume ake. Mwanayo ananyamula mbale ndi manja awiri, anakagwada patsogolo pake monga anamuphunzitsira bambo ake, ndipo ine ndinalowa m'nyumba kuti ndisaone.